Sipuleya ya Apongozi

Lolemba, 6 Januwale

Soya wamera bwino, mizere yowongoka. Apongozi aamuna adutsa m'mawa, manja kumbuyo, n'kundikumbutsanso: "Kamundaka munapempha nokhatu. Soya akakanika, chaka chamawa ndipatsa alamu anu." Ngati ndinaiwala! Alamuwo soya wawo wagundana ndi wanga, ndipo mbali yangayi amaiyang'ana ngati nkhuku yaona chimanga.

Mbozi zodula zayamba kale, zija zobisala m'dothi. Ndafukula ndi kamtengo. Nkhuku zanga lero zakhuta.

Lachiwiri, 21 Januwale

Mvula, dzuwa, mvula. Zodula zapita, zabwera zobiriwira, zoyenda mopinda msana ngati telala akuyeza nsalu. Masamba mabowo okhaokha. Sipuleya yopopera mankhwala ndi imodzi banja lonse, ya apongozi, koma yakhazikika kwa alamu ngati inakwatiwa komweko. Bambo a kunyumba kuno akuti, "Ingodikira, abweza." Iwowa angadikire ngakhale nyumba ikupsa. Ndatola pamanja. Msana wanga ine!

Lamulungu, 9 Febuluwale

Maluwa! Ting'onoting'ono, tofiirira. Ndinaima pakati pa munda kumwetulira ndekha ngati wamisala. Kunsi kwa masamba kuli nsabwe, koma mvula ya dzulo yakokolola zambiri. Tizilomboti timalandirana ntchito, ena akaweruka ena alowa. Wopanda womulandira ndine ndekha.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Anunkhadala afika, makoko atangoyamba kukhuta. Awa ndiye adani enieni, amayamwa njere, koko n'kutsala lopanda kanthu. Pamanja satheka, amauluka. Fungo lake nalo, mpaka bambo a kunyumba akana madzi amene ndinawatungira. Mantha andigwira, sindinama. Ndapita ndekha kwa apongozi. Akuti sipuleya inabwerako, ndikatenge Lachisanu m'mawa. Mankhwala ndagula kale.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Ndalawirira pachabe. Alamu anaitenganso dzulo madzulo. Ndawapeza akupopera soya wawo, mluzu uli pakamwa. "Musadandaule mlamu, anunkhadala anuwo sathawa, muwapeza." Ndakalirira kuseri kwa khola, nkhuku zikundiyang'ana. Nsima sindinaphike, bambo a kunyumba angodikira.

Lolemba, 3 Malichi

Kalanga ine! Theka la soya wa alamu lapsa. Masamba opiringizika, achikasu, ngati athiridwa madzi otentha. Phokoso tsiku lonse. Wogulitsa mankhwala watukwanidwa ali kwawo, ine ndaponyeredwa diso ngati ndinapita usiku kukawotcha. Kenako apongozi aakazi, ali phee pampando wawo, anangofunsa amuna awo: "Kodi si sipuleya yomweyi munapopera nayo udzu wa kuseri kwa nyumba Lachinayi? Mankhwala otsalawo munataya?"

Apongozi aamuna maso pa nsapato.

Mankhwala opha udzu! Alamu anangothira awo pamwamba, osasuzumira n'komwe. Akanakhala soya wanga ameneyo. Chisoni ndamva ndithu, koma chochepa, Mulungu andikhululukire.

Lachitatu, 5 Malichi

Sipuleya ndinaitsuka ndi sopo mpaka manja kutuwa. Ndinayesa kaye pa udzu wa m'mphepete, lero udakali wobiriwira, ndiye ndapopera. Anunkhadala ali gada pansi. Ena anali atayamwa kale mizere ya kumunsi, koma soya wambiri wapulumuka.

Apongozi aamuna anabwera ndikumaliza. Anathyola koko, kulifinya, njere zonenepa bwino. Anayenda mpaka kumapeto n'kubwerera. "Mbewu ya chaka chamawa musunge yambiri," anatero akuyang'ana kumbali. "Mundawu ndi wanu. Koma alamu anu mudzawagawireko."

Kuwagawira! Ndavomera mwaulemu wonse. Zoti ndidzawapatsa njere ziti, zonenepa kapena zija zoyamwidwa, ndiganiza tsiku lina. Lero ayi. Lero munda ndi wanga. Wanga ine.