Mtumbira wa Patsinde pa Mkuyu

Chamama, Kasungu
14 Okutobala 2025

Wokondedwa mng'ono wanga Fainala,

Landira moni wanga. Kaya muli bwanji kumeneko ku Thyolo, iwe, alamu ndi ana onse? Mwendo uja unaleka kutupa, kapena ukuuyendetsabe m'misika monga mwa khalidwe lako? Ine kuno ndilipo, Mulungu akundisungabe. Dzuwa ndiye lakwiya, anthu ali kalikiliki kuthirira nazale za fodya.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ndili nayo. Netiweki kuno timaipeza pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo pachulupo sipasowa makutu.

Nyumba yandikulira, Fainala. Chimwalirire amuna anga a Jeremiya, zaka zinayi tsopano, ndimacheza ndi nkhuku. Kale amayi anzanga ankabwera masana kudzasenda nane mtedza. Sabata ino sipanafike ndi mmodzi yemwe, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndakulembera.

Madzi athu aonongeka. Mjigo umene anatikumbira kumunsi kwa dambo, iwe utachoka kale, unayamba chaka chatha kutulutsa madzi onunkha. Fungo lake ulidziwa: lija la m'shedi ya mankhwala ku esiteti. Ukatunga n'kuwasiya m'ndowa, pamwamba pamayandama timafuta. Achule anafa m'zitsime, mbuzi zikutaya bere, ana akutuluka zidzolo ndi kudandaula m'mimba.

Ukumukumbukira Enelesi, uja tinkasankha naye fodya m'chigafa, wamkamwa mosatseka uja? Ndiye watsogolera nkhondoyi. Anasonkhanitsa amayi, tinapanga komiti, nanenso anandiikamo chifukwa ndimalemba bwino. Makalata onse opita ku boma ndalemba ndine. Atatu oyamba sanayankhidwe. Kalata yachinayi tinaipititsa tokha, tinakwera matola, amayi khumi, mpaka ku Kasungu. Enelesi anaika botolo la madziwo patebulo la bwana wa mu ofesi, n'kumuuza kuti amweko pang'ono chabe, akameza tibwerera kwathu osadandaulanso. Bwanayo ananunkhiza, n'kutseka msanga.

Patapita mwezi anabwera anthu oyeza madzi. Anapeza mankhwala ophera tizilombo ta fodya, amtundu umene unaletsedwa kalekale. Mjigo anaumanga tcheni. Anatiuza kuti kukumba wina n'kutaya nthawi, chifukwa madzi a pansi ndi amodzi. Anati poizoniyo ali ndi pamene akuchokera, ndipo akapanda kupapeza n'kuchotsa dothi lonse loipalo, palibe chimene angatichitire. Eni esiteti atsopano anakana, akuti iwo anagula minda yokha, za kale sazidziwa.

Pofika apa ndikudziwa kuti wayamba kuzindikira. Inde, ndi zomwezo.

Ndikukumbutse, ngakhale sunaiwale. Chaka cha 2006, a Jeremiya ali kapitawo, bwana wa esiteti anamva kuti kukubwera oyendera a boma. Anawalamula kuti migolo itatu ya mankhwala otha ntchito isaonekenso, apo ayi ntchito yatha. A Jeremiya anaikwirira Lamulungu m'mawa anthu ali ku tchalitchi, kumutu kwa dambo, patsinde pa mkuyu. Koma dothi lofukulidwa kumene silibisika, ndipo matenanti ankalima madimba pomwepo. Tsiku lina khasu likanagunda chitsulo.

Nzeru ija inali ya ife awiri. Tinaunda kamtumbira, n'kufalitsa kuti ndapita padera, ndipo taika nthayo. Nthayo amaika amayi okha, kudambo, mwakachetechete, mwamuna safunsa. Tinali alendo pa esiteti, kunalibe azakhali oti atifufuze. Ndinagona m'nyumba sabata yathunthu, iwe ukundiphikira phala ngati wodwala weniweni. Tinalumbirirana kuti nkhaniyi tidzapita nayo kumanda.

Chimene sunachione ndi chimene chinatsatira, poti unakwatiwa n'kubwerera kwathu. Ukudziwa mmene ankandinenera kale: chumba, wodya za mwamuna pachabe. Utangoundidwa mtumbira uja, mawu amenewo anatha. Ndinasanduka mayi amene mwana wake sanakhale. Anayamba kundiitana kuchikuta mwana akabadwa. Nthayo zenizeni zikachitika, ankandigogodera kuti ndipite nawo, amati ndikudziwa ululu wake. Esiteti itagulitsidwa, matenanti ena anabalalika, koma ife mudzi unatipatsa malo. Amayi anati munthu sasiya mwana wake kuchilendo.

Ndipo ndinkapalirapo, Fainala. Poyamba ndinkachitira maso a anthu. Kenako sindikudziwa kuti zinasintha liti. Ndinkapita ndekha, n'kuzula udzu, n'kukhala pansi kumuwerengera zaka. Mumtima mwanga anali wamkazi. Chaka chino akanakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Useke ngati ukufuna, inenso ndimadziseka.

Fungo lija nditangolimva m'ndowa, ndinalizindikira. Koma ndinadzinamiza kuti mkuyu uli kutali ndi mjigo. Ndinalemba makalata anayi ofunsa boma kumene poizoni akuchokera, yankho ndili nalo m'kamwa. Akulu anati mlandu suwola. Migolo ndiyo imawola.

Mwezi watha oyeza aja anabweranso ndi makina ofufuzira zitsulo pansi. Anayenda dambo lonse, ife tikuwatsata pambuyo. Atafika pa mkuyu, makinawo anayamba kulira. Mnyamata wonyamula makinawo anaitanitsa khasu.

Fainala, amayi onse anathamanga n'kuzungulira mtumbira uja. Enelesi anavula mpango n'kuumanga m'chiuno. Anawauza kuti apa pagona mwana wa a Dorika, ndipo wofuna kukumba ayambe wakumba iyeyo. Anati makina awo ndi openga, mwina amva khasu lakale. Mayi wina anandikumbatira kuti ndisaone. Anthu a boma anapepesa, n'kunyamula katundu wawo.

Ine ndinalira, ndipo onse anayesa ndikulirira mwana. Anthu amene ndawamwetsa poizoni anali kunditchinjiriza ndi matupi awo, ine duu.

Ndinakhala nazo masabata atatu. Mjigo wabwino uli ulendo wa maola awiri, ndiye ena akatopa amatungabe m'zitsime za m'dambo. Kamdzukulu ka Enelesi, Lonjezo, kazaka zitatu, kanagonekedwa m'chipatala kachiwiri. Ndinapita kukazonda. Kanali kataonda, milomo yosweka, kakupempha madzi. Enelesi anandifunsa ngati ndingalembe kalata yachisanu, yokhala ndi mawu owawa kuposa ena aja, chifukwa iye mawu amuthera.

Lamulungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi, komiti inakumana pansi pa mtengo wa mango. Ndinaimirira pamaso pa onse. Ndinawauza kuti kalata yachisanu siyofunika. Ndinati pa mkuyu palibe mwana, sipanakhalepo mwana, ine sindinaimepo ndi kamodzi komwe. Pali migolo itatu, ndipo ndikalozera ndine.

Dzina lako sindinalitchule. Ndinati ndinaunda ndekha. Koma lumbiro lathu ndaliswa osakufunsa, ndipo pa chimenecho undikhululukire.

Ndinkayembekeza kutukwanidwa, mwina zikanandipepukira. Palibe anakweza mawu. Enelesi anandifunsa chinthu chimodzi chokha. Anati tsiku lija tinkaika nthayo yake, pamene ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti ndikudziwa mmene zimawawira, ndinkatanthauza chiyani? Anatola mpango wake n'kumapita, ena onse n'kumutsata.

Dzulo a komiti anaimbira foni a boma. Akuti abwera Lachinayi la sabata yamawa ndi zovala zodzitetezera, adzachotsa migolo ndi dothi lozungulira. Akuti madzi adzatenga nthawi kuti ayere, mwina zaka, koma tsopano ntchito ili ndi poyambira. Lonjezo watuluka m'chipatala. Ndinamva kwa anthu odutsa pamsewu, palibe anabwera kudzandiuza.

Za ine sindikudziwa. Mwina andiuza kuti ndibwerere kwathu, poti chimene anandipatsira malo chapezeka kuti kulibe. Sindingawadandaule. Mawa ndi tsiku la anakubala. Chaka chilichonse amayi a mvano ankandigulira chitenje limodzi ndi amayi ena onse. Mawa ndikhala m'nyumba.

Pempho langa ndi ili. Bwera, mng'ono wanga. Sindikukuitanira mlandu, umenewo ndausenza ndekha ndipo ndi wanga. Ukatsika pa Chamama ufunse a njinga, akufikitsa. Ndikufuna pakhale munthu mmodzi woima pambali panga tsiku limenelo. Mudzi wonse udzakhala ukuona migolo ikutuluka, ndipo udzakondwa, n'koyenera kutero. Ndikudziwa bwino lomwe chimene chili pansi paja. Koma m'mawa uno ndinapitanso kukazula udzu.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wako Sunganani ndi azibale ake, ndi kwa onse otikumbuka kumeneko. Usawauze chimene ukubwerera. Ungoti kwa akulu ako kwagwa maliro aang'ono, a amayi okhaokha. Sudzakhala utanama.

Ambuye akusunge, akuyendetse bwino pamsewu.

Ndine mkulu wako,
Dorika