Ndinamanga a Kingsford ndi Chingwe cha Lole

Nancholi, Blantyre
Lachitatu

Okondedwa achemwali a Salome,

Choyamba ndifunse moyo wanu, wa alamu ndi ana uko ku Bangula. Nanga mayi, mwendo uja ukuwalola kupita kutchalitchi? Kuno matupi ali bwino. Mlamu wanu Vailet alipo, mwana wathu Hannah wakwanitsa zaka zitatu. Koma mtendere ndiye palibe. Kalatayi ndapatsira a Stafford a lole chifukwa foni ndinazimitsa Lamlungu.

Paja mukudziwa ntchito yanga yomanga katundu pa malole ku Limbe. Mwezi watha kunabwera mtsikana wina, dzina lake Joan, akufuna munthu wodziwa Chisena. Anati iye ndi anzake akujambula filimu ya nkhondo ija ya ku Mozambiki, nkhani ya mphunzitsi amene asilikali atatu anamugwira n'kumutsekera m'nyumba yosatha. Anati ine ndikhala msilikali mmodzi, masiku anayi basi. Ndinavomera. Sindinakuuzeni chifukwa cha manyazi, poti malemu bambo anathawa nkhondo yomweyo.

Mphunzitsiyo anali a Kingsford, bambo achikulire ochita zisudzo, anthabwala kwambiri. Tsiku lachiwiri Joan anati ndiwamange manja, ndingozunguliza chingwe kuti chizioneka. Achemwali, ine kumanga konamizira sindikudziwa. Ndinamanga mmene ndimamangira matumba a simenti, bondo pamsana, n'kukoka. A Kingsford anakuwa zenizeni, misozi chuchuchu. Joan anati zimenezo ndiye zabwino, tisasiye. Titamaliza ndinapepesa, mkuluyo anangoseka, anati akanakhala thumba akanafika ku Nsanje osagwa.

Sitinadziwe kuti wina ankajambula ndi foni pazenera. Panopa kachidutswa kameneko kali m'mafoni monse. Kamera sikuoneka, Joan sakuoneka. Ndikuoneka ine, chipsera changa cha pachipumi chija, ndi munthu wamkulu akulira pansi. Pamwamba analembapo kuti awa ndi amene akuba anthu ku Nancholi.

Loweruka ndikudutsa pa depoti ya Limbe, woitanira minibasi wina anandiyang'ana, n'kuyang'ana foni yake, n'kuitana anzake. Ndinamva wina akuti ndi yemweyu, pezani teyala. Ndinathawira m'sitolo ya a Nizam, amene ndimawapakirira katundu. Iwo anatsitsa chitseko chachitsulo, anthu akumenya kunja. Anandituluzira kuseri, nditagona m'galimoto yawo atandifunditsa lona.

Joan analemba pa intaneti kuti ndi filimu, koma anthu akuti akubisa anzake. Kupolisi anatimvera bwino, anati ndikhale kaye m'nyumba. Chimene chingathetse nkhaniyi ndi chimodzi, anthu aone a Kingsford akuyenda nane mumsika ali bwinobwino. Tsono anapita kumaliro kwawo ku Chitipa, kumudzi kosagwira foni, ndipo palibe akudziwa tsiku lobwerera. Kusaoneka kwawoko anthu akuti ndiye umboni kuti tinawapha.

Dzulo amayi ogulitsa tomato moyandikana ndi Vailet anasuntha benchi lawo. Kenako kunabwera bambo wina wosamudziwa, sanagule kanthu, anangomufunsa Vailet kuti mwana wake amapita ku sukulu ya mkaka iti. Funso limenelo ndi limene landilembetsa kalatayi.

Ndikukupemphani, achemwali. Lachisanu m'mawa Vailet ndi Hannah akwera basi ya Nsanje, mukawachingamire pa siteji. Musawafunse zambiri pamaso pa anthu. Mphasa imodzi iwakwanira. Hannah nyemba zimamupweteka m'mimba, zina zonse amadya.

Mayi muwauze ndinu, kanemayo asanawaonetse ana a pamudzi. Muwauze kuti mfuti ikuoneka m'kanemayo ndi yathabwa, ndinaipenta ndekha. Muwauzenso kuti ndinalakwa kuvala malaya a usilikali aja.

Ine nditsala. Ndikathawa adzati zinali zoona, ndipo adzatilondola mpaka kwanuko. Lero ndameta ndevu zonse kuti ndithe kukafika pa mpopi anthu osandizindikira. Hannah atandiona wabisala kuseri kwa chitenje cha amake, wakana kuti ndimunyamule, ndipo mawa ndiye tsiku lomaliza ndili naye. Akafika kumeneko muzimuuza kuti munthu anamuwopa uja ndi adadi ake.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo mukamapemphera muzitchula dzina langa.

Ndine mlongo wanu,
Yona