Nkhani ya Thumba Lolembedwa "Macho-Estéril"

BUNGWE LA OCHULUKITSA MBEWU LA KUMTUNDA, ZÓBUÈ
Msonkhano wadzidzidzi wa komiti

Tsiku: Loweruka, 14 Março 2015
Malo: Nyumba yosungira mbewu
Analipo: a Fausto Chimpene (Wapampando), a Leonildo Jassi (Mlembi), Dona Berta Camphande, Dona Laurentina Chimpene, a Silvério Nhampinga, a Zito Alface, ndi Injinyera Nádia Sozinho (mlangizi, savota)
Sanabwere: a Raúl Bechane. Anatumiza uthenga kuti atsikira ku Moatize kukapimitsa maso. Lachinayi maso awo anali bwino.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano pa 09h20. Dona Laurentina anapemphera, ndipo anachedwerapo pa mbali ya ana ndi zidzukulu.

2. Pempho lotchetcha munda

Wapampando anakumbutsa kuti chaka chino mbewu ya bungwe inadzalidwa kwa Dona Berta, m'munda wokhawo umene ali nawo. Anati pabwera pempho loti chimangacho chitchetchedwe chisanakhwime.

A Silvério, amene anachoka ku Bagamoyo wa ku Moatize mgodi wa malasha utafika, anayala patebulo thumba lomwe munabwera mbewuyo, nawerenga mokweza kuti: macho-estéril. Anati Chipwitikizi anagwira nacho ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mawuwo akunena mwamuna wosabereka, basi. Anawonjezera kuti: "Kwathu kuja anatiuza kuti fumbi silidwalitsa. Lero mundiuze kuti thumba ndi limene likunama? Ine ndiri kugopa."

3. Kufotokoza kwa Injinyera

Injinyera Nádia anati mwamuna wotchulidwa pathumbapo ndi ngayaye ya chimanga. Anafotokoza kuti ngayaye isanatuluke, maselo ake, kutanthauza tizipinda tamoyo tosaoneka ndi maso, amagawikana kawiri kuti limodzi lipereke timungu tinayi. Ntchito imeneyi ili ndi masiku ake owerengeka. Mu mtundu uwu maselo odyetsa timunguto amafa nthawi isanakwane, ndiye ngayaye imatuluka yopanda mungu. Anati izi ndi dala, kuti mizere yaikazi imeneyi ilandire mungu wa mizere yaimuna yokha, yomwe ndi ya mtundu wina, mbewu ituluke ya mtundu wofunikawo.

A Zito, amene anakwatira mu Agosto, anafunsa amene amasunga nthawi imeneyo mkati mwa phesi. Anayankhidwa kuti ndi chibadwa cha mbewuyo. Anafunsanso ngati chibadwacho, chikalowa m'mimba, sichingakasokoneze nthawi ya kumeneko. Injinyera anati ayi. A Zito anafunsa ngati zinayesedwapo pa mwamuna. Injinyera anati palibe anayesapo chifukwa palibe choyesera. Komiti inamva theka loyamba lokha.

Injinyera anadzipereka kuotcha chimanga chimodzi n'kudya pamaso pa onse. A Silvério anati thumbalo silikunena za akazi.

A Zito anati akuchikazi ayamba kale kumayang'ana mkazi wawo pamimba akamapereka moni, ndipo kenako adzayamba kuyang'ana iwo. Anapatsidwa madzi.

4. Funso la Dona Berta

Dona Berta anafunsa chimene abambo akunjenjemerera, pamene lamulo la bungwe limaletsa kuthyola ngakhale chimanga chimodzi m'munda wa mbewu. Anati apeza mapesi 37 opanda kanthu, ndipo masiku onsewa amatukwana anyani. Anatembenukira kwa a Silvério nati: "Kompadre, anyani anga aja ndi amene akugopawa?"

A Silvério anati akuyankhulira dziko lonse. A Zito anati iwo anangogwirizira moto.

Dona Laurentina anati Lamulungu lapitali amuna awo, amene ndi Wapampando, anafika kunyumba milomo ili bii, makoko awiri ali m'thumba la jekete. Wapampando analamula kuti mawu amenewa asalembedwe. Sanalembedwe.

5. Voti

Dona Berta anati mundawo ukatchetchedwa, iwo ndi ana awo anayi alibe kwina kokakolola mpaka chaka chamawa, ndipo mvula siibwerera chifukwa choti abambo atatu aba dowe. Anapempha kuti voti ikhale yokweza manja, mayina alembedwe, ndipo pepala likhomedwe pakhomo monga mwa nthawi zonse. Anati: "Aliyense wopita kumsika aziwerenga amene akuopa, ndi chimene akuopera. Apongozi anu, a Zito, amadziwa kuwerenga."

Wapampando anafunsa ngati sizingatheke kuvota ndi timapepala. Mlembi anawerenga ndime 9 ya malamulo, imene Wapampando analemba okha mu 2012. Imanena za manja.

Ofuna kutchetcha: palibe. Dzanja la a Silvério linafika pakhutu, linakanda, n'kutsika.
Ofuna kusiya munda: awiri (Dona Berta, Dona Laurentina).
Osavota: anayi. Mlembi anali kulemba.

Chigamulo: munda ukhale mpaka kukolola.

6. Zina ndi zina

A Silvério anati voti siichotsa chimene chalowa kale m'thupi, ndiponso nkhaniyi yafika kwa onyamula katundu a pachipata cha malire, amene ena a iwo amadutsira njira ya m'mundamo. Anati amenewo alibe ndime 9. Injinyera analonjeza kukayankhula nawo Lolemba. Dona Berta anati Lolemba ndi kutali, ndipo kuyambira lero iwo azidyera kumunda komweko.

Dona Laurentina anauza komiti kuti kuseri kwa chitseko kuli zikwanje zitatu zonoledwa kumene. Wapampando anafunsa katatu eni ake. Sanapezeke. Dona Berta anapempha kuti, poti zilibe eni, azitenge ndi iwo, ndipo pempholi linaloledwa popanda wotsutsa.

7. Msonkhano wotsatira

Loweruka, 11 Abril 2015, pamalo omwewa.

Wapampando anatseka msonkhano pa 11h05. Dona Berta anatuluka poyamba, atanyamula zikwanje zonse zitatu. Abambo anadikira kaye pang'ono.

Fausto Chimpene, Wapampando ____________________

Leonildo Jassi, Mlembi ____________________