Filimu ya Laila Yayenda Chafutambuyo

Lachitatu, 10 Epulo

Idi. Mchimwene wanga Faizal wajambulanso mwana wanga Laila pa foni, pansi pa mtengo wa mango wakuseri, monga amachitira Idi iliyonse chibadwire mwanayu. Chaka chino waima m'madzi a nyanja ofika m'akakolo, diresi latsopano atalikwinyira m'manja. Onse anaseka. Ine kuseka kwa mano okha.

Lachisanu, 12 Epulo

A Grey oyandikana nafe asamukira kumtunda. Ababa akuti nyumba yomanga okha saithawa. "Nyanjayi ndakula nayo, imabwera n'kubwerera." Mutu wouma ngati chitsa! Ndipo ndi miyendo yawo yodwala ija sindingawasiye. Ndikuopa.

Lolemba, 15 Epulo

Ndapeza nzeru. Tilumikize mavidiyo onse a Idi akhale filimu imodzi, Ababa adzionere okha. Laila akukwawa, nyanja ili kutali, kuseri kwa munda wa chinangwa. Laila wa sitandade wani, munda watsala theka. Laila wavala hijabu, madzi ali patsinde pa mtengo. Faizal wapititsa memori kwa Paison wobena mafilimu ku Dwangwa.

Lachinayi, 18 Epulo

Paison, Mulungu amukhululukire! Wayamba ndi vidiyo yatsopano n'kumalizira yakale. Akuti kompyuta inamusanjira choncho.

Tinaonera pakhonde itatha swala ya masana. Laila akunka nachepa, mano akutsogolo palibe, kenako akukwawa, kenako ali kumsana kwa malemu amayi anga, iwo akuseka ataphimba pakamwa. Ndipo nyanja ikubwerera, ikubwerera, munda ukutuluka m'madzi.

Ababa anaomba m'manja. "Mwaona? Alhamdulillah, ikupita!"

Ndinati, "Ababa, filimuyi yayenda chafutambuyo."

"Iwe, maso ndi anga."

Anaibwereza mpaka batire kutha. Ikafika pa amayi, Ababa amauza Faizal kuti aimitse kaye. Ndinalibenso mphamvu zowatsutsa.

Loweruka, 20 Epulo

Mphepo ya mwera tsiku lonse. Chimbudzi chagwa.

Lamulungu, 21 Epulo

Laila wapita kumtunda ndi Faizal, pa ngolo ya katundu, akulira. Ine ndatsala.

Masana ndinawatengera Ababa ketulo ya madzi yoti atawazire, kusamba kokonzekera swala. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa khonde, atawerama, akutunga madzi a nyanja ndi manja pomwepo.

"Bweza ketulo yako, mwanangu," anatero akumwetulira. "Lero madzi abwera okha."