Mutu wa Aphunzitsi Aakulu

Lachitatu, 9 Epulo

Okondedwa Achemwali,

Mvula ikuwaza kuyambira m'mawa, moti makasitomala sakubwera. Pano ndi cha m'ma 10 koloko. Madamu, eni saluni ino, akuwodzera pa mpando wa chowumitsira tsitsi, ine ndatsamira sinki ndi pepalali. Ndili bwino, kaya inu ndi alamu ndi ana?

Kalata yanu ndinalandira. Mwati ntchito ya m'sitolo ya alamu indidikira mpaka kutha kwa mwezi, ndikapanda kubwera alemba wina. Zikomo pondiganizira. Koma ndisanayankhe ndili ndi funso. Kodi munthu amadziwa bwanji kuti Mulungu wamuitana? Amamva mawu m'khutu, kapena zimangoyamba mwakachetechete ngati chimfine?

Ndikufunsa chifukwa kutchalitchi abusa anatigawira mapepala kuti aliyense achonge mphatso yake: kuyimba, kulalikira, kuphunzitsa ana, kulandira alendo. Mukundidziwa, ine mlendo akandipatsa moni ndimayankha nsapato zake. Pepala langa ndinabweza losalemba. Abusa analitembenuza uku ndi uku.

"Nanga kusaluni umatani, mwana wanga?"

"Ndimangotsuka mitu, abusa."

"Basi pali mutu wina wakanika mpingo wonse. Loweruka ukauone."

Mutuwo ndi wa mayi ena amene kale anali aphunzitsi aakulu. Anadwala sitiroko, akhala chigonere miyezi isanu. Tsitsi lawo linali litamanga mfundo, koma mkazi wa mwana wawo akangoyandikira ndi chipeso ankamukalipira. Nditalowa m'chipindamo anandiyeza ndi diso kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Nawenso wabwera kudzandiyimbira? Akwaya andiyimbira kale ngati ndine maliro."

"Ayi mayi, ndabwera ndi shampu."

"Sukulu unalekera pati?"

"Kupulayimale."

"Zikuoneka. Tayamba tione."

Kusaluni munthu amakhala pa mpando, nanga wogona ungamutani? Ndinachotsa pilo, n'kukulunga thawulo pansi pa khosi, n'kuyala pulasitiki kuti madzi azitsetserekera m'ndowa. Bedi tinalikoka pang'ono ndi mkazi wa mwana wawo uja kuti ndiime kumutu. Mfundo ndinkamasula ndi zala kuyambira kunsonga, poti chipeso chimadula. Zinanditengera maola awiri.

Ntchito ili mkati anayamba kulankhula, maso ali kudenga. "Ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu," anatero, "lero ndikulephera kupukuta dovu langa lomwe. Mulunguyo akundisungiranji?" Ine ndinangothira madzi ofunda. Analira, misozi n'kumatsikira m'makutu. Kenaka anati, "Kanda apo, kuseri kwa khutu. Eya, pomwepo! Loweruka usachedwe, ine ochedwa ndinkawagwaditsa."

Achemwali, chikundidabwitsa n'chakuti kusaluninso zimatero. Munthu akakhala pa galasi amakamba za mafashoni, koma akangotsamiritsa khosi pa sinki amatulutsa za m'banja mwake zonse. Kodi ndi madzi ofundawo? Kapena n'chifukwa choti sakundiona nkhope? Kodi Mulungu angamupatse munthu manyazi dala, kuti aziima kumbuyo anthu azimasuka? Ndinafunsa abusa ngati kutsuka mitu ndi utumiki. Anati Ambuye anatsuka mapazi, ndiye sakuona chifukwa choti akanire mutu.

Pano mitu yafika inayi, onse ogona. Kwa aphunzitsi kuja, mkazi wa mwana wawo ndiye amandigwirira jagi, ndipo sabata yatha anamulola kutsukuluza. Anamuuza kuti wakhoza ndi theka.

Tsono ndiulule. Chikwama chimene munanditumizira kuti ndilongedze zovala chadzaza ndi mathawulo, jagi ndi pulasitiki. Kumeneko sindibwera. Ndapemphera kangapo ndipo mawu sindinamve ndi amodzi omwe, mwina ndikulakwitsa. Koma ndikaganiza za aphunzitsi ali maso kukhomo Loweruka, miyendo yanga ikukana kukwera basi. Ndikudziwa kuti munawachonderera alamu chifukwa cha ine ndipo ndakuchititsani manyazi. Pepani, musanditaye.

Alamu muwauze mofatsa, atadya kale. Ana muwapatse moni, wamkuluyo asamagone tsitsi lili lonyowa. Inuyo mundiyankhe ngakhale mutakwiya, ndipo mundiuzeko chinthu chimodzi. Muja amayi ankadwala ine ndinali wamng'ono, ndinkaopa kulowa m'chipinda chawo, ndinkangosuzumira pakhomo. Tsitsi lawo ankawatsuka ndani? Munali inu? Nanga ankakuuzani zotani?

Ndine mng'ono wanu wokukondani.

Mvula inakata dzulo masana, makasitomala n'kudzaza, choncho ndamaliza kulemba lero Lachinayi, 4 koloko madzulo.