Nkhope ya Mayi wa Pansi pa Tirigu

Lolemba, 6 Okutobala
Thirakitala yatitimira m'munda wa tirigu, Ezio akulima. Mchimwene wangayu ali ndi mwayi wa zitsiru, watuluka wopanda ndi bala lomwe. Pansipo pali manda a Aeturusika, anthu amakedzana a dera lino. Zaka zonsezi takhala tikufesa pamutu pawo.

Bambo akuti: "Aliyense atseke pakamwa. Boma likamva litchinga munda wonse ndi waya. Tizidya wayayo?"

Amayang'ana ine, mwana wawo wamkazi. Mlandu wanga ndi woti ndimagulitsa matikiti kunyumba ya boma yosungira zinthu zakale ku Tarquinia.

Lachiwiri, 7 Okutobala
Ndatsikamo masana ndi makwerero. Miphika akuba anatenga kalekale. Koma chojambula cha pakhoma! Mayi wagona chammbali paphwando, nkhata ya masamba kumutu, akupatsira mwamuna wake dzira. Milomo yofiira ngati wapaka m'mawa uno.

Ezio akuti ku Roma kuli munthu amene amacheka makoma otere n'kukagulitsa. Munthuyo akufuna aone zithunzi kaye.

Lachitatu, 8 Okutobala
Ndamupeza Ezio atabereka chopopera mphesa, akupopera madzi pakhomapo. Ati mitundu iwale pachithunzi. Yawaladi.

Ndakuwa: "Galu iwe, mwalawu uli ndi mchere! Ukamauma mcherewo utuluka, usupula penti yense!" Okonza zojambula kuntchito amanena zomwezi tsiku ndi tsiku.

Iye: "Tamverani bambo, apulofesa a matikiti ayamba."

Bambo aseka. Kusekako ndakusunga.

Lachinayi, 9 Okutobala
Wapoperanso. Kawiri.

Lachisanu, 10 Okutobala
Mayi Clelia, mkulu wa okonza zojambula, andifunsa chikundidya n'chiyani. Ndati mutu. Wamantha ine.

Loweruka, 11 Okutobala
Khoma latuwa ngati lawazidwa ufa. Tsaya la mayi uja latuluka matuza. Ndili chiimire, osakhudza kanthu, kachidutswa kagwa kokha. Diso. Ndatola, lanyenyeka m'zala zanga. Zaka zikwi ziwiri ndi theka mumdima ali bwinobwino. Kwa ife masiku asanu basi.

Wa ku Roma uja wakana, ati zawonongeka. Ezio akuti akwirira dzenjelo mkucha, ayambenso kulima.

Lolemba, 13 Okutobala
Ndawauza Mayi Clelia ndisanavule n'komwe jekete. Tabwera pagalimoto yawo, apolisi kumbuyo, ine ndikuloza njira ya kwathu ndi chala changa.

Mayi Clelia atsika, akhalamo nthawi yaitali. Potuluka akuti: "Nkhope yapita, mwananga. Dzanja ndi dziralo mwina tipulumutsa. Ukanandiuza Lachitatu..." Sanamalize.

Ezio amutenga apolisi. Bambo aima pachipata, chipewa m'manja, kupereka moni kwa aliyense mwaulemu wonse. Atafika pa ine, atembenukira kwa Mayi Clelia.

"Nanga mayi awa, nawonso ndi a boma?"