Muvi wa pa geti

Mayi a ana,

Musadabwe kupeza nyumba ili zii. Ndathamangira kuphiri kukatenga alendo athu ogona aja, ndi mayi anu amene anapita nawo.

Paja dzulo ndinakajambula mivi ya penti yoyera m'njira, kuyambira pa tchalitchi chakale chija mpaka pamwamba pa phiri, kuti alendo azikwera okha osandivutitsa. Muvi wina ndinaujambula pa geti la mlimi wa ng'ombe uja, lili lotseka. Lero m'mawa mkuluyo walitsegula n'kulisiya choncho, muvi n'kuyamba kuloza kudambo. Anthu angoutsatira ndi mtima wonse.

Apongozi aimba foni. Akuti matope awalekeza m'mawondo, nsapato imodzi yatsalira pansi, ndipo mlendo wamagalasi uja akungojambula zithunzi, akuyesa ndi mmene ulendowo tinaukonzera. Mawu ena amene anena sindingalembe pano, ana angawerenge.

Chonde tenthetsani madzi ambiri. Chingwe choyanikira ndatenga kuti ndikakokere anthu, zovala ndaunjika pampando, zina zikadali zonyowa. Ndatenganso nsapato zanu zatsopano zija, poti phazi lanu ndi la mayi n'limodzi. Pepani, ndinalibe nthawi yosankha.

Ndikudziwa munandiuza kuti ndiwaperekeze ndekha. Musavutike kundikumbutsa, apongozi aigwira ntchito imeneyo njira yonse yobwerera.

Dzuwa likapendeka tisanafike, za mayi musade nkhawa, iwo afika ndithu. Wofunika kukamufunafuna ndi ine.

Mwamuna wanu, pakadali pano.